Atsibweni Anga Osunga Mbewa

Mwezi uno chakwana chaka atsibweni anga, a Filimoni Mwale, chitisiyireni. Pa maliro awo mlaliki anati anali dokotala wa ku labotale, anthu n'kuvomereza ndi mitu. Akanakhala kuti akumva, akanakweza dzanja n'kumukonza pomwepo. Sanali dokotala. Ntchito yawo kwa zaka zambiri mumzinda inali yosamala mbewa. Ankatsuka makola, kusintha utuchi, kuthira madzi m'mabotolo ndi kuyeza chakudya pa sikelo. Atazolowera, anawaphunzitsanso kuwerenga mazira a njoka za m'mimba pa maikulosikopu. Zimenezi ankazinena mosabisa, ndipo ankakhumudwa munthu akawakweza udindo.

Kwathu kuno ku Chulu mbewa ndi ndiwo. Munthu amaikumba, kuiphika, kuiyanika. Ndiye atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi ndi akazi awo aNaphiri, anthu atamva kuti ankalandira malipiro chifukwa chodyetsa mbewa ndi kuziyalira pogona, anaseka mpaka misozi. Anawapatsa dzina lakuti a Kambewa. Iwo ankayankha akaitanidwa choncho. Ngakhale ku tchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, ana ambiri sankadziwa kuti ali ndi dzina lina.

Anali munthu wamfupi, woyenda mwandawala, wovala jasi ya khaki imene anachoka nayo kuntchito. M'thumba la jasiyo munkakhala kachidutswa ka sopo m'kabotolo kakale ka mafuta odzola. Pa maliro kapena pa ukwati, beseni losambira m'manja likamazungulira, iwo ankalilola kuti lidutse, kenaka n'kupempha kuti wina awathirire madzi ndi kapu. Amayi anga, omwe ndi mlongo wawo, ankachita nazo manyazi. Ankati achimwene awo akunyoza anthu, ngati kuti manja a wina aliyense ndi onyansa kupatula awo. Atsibweni ankayankha kuti manja amene amawakayikira kwambiri ndi awo omwe, chifukwa akudziwa zimene agwira. Awiriwa anakangana za beseni kwa zaka zonse zimene ndikukumbukira, ndipo palibe amene anagonja.

Nkhani imene ankaikonda inali imodzi, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi anaimvapo kangapo. Ku labotale kuja kunali mabanja awiri a mbewa, lina la mbewa zoyera, lina la zakuda. Akatswiri ankazipatsa njoka za m'mimba dala, mlingo wofanana, tsiku limodzi. Pakapita masabata angapo, m'ndowe za zoyera mazira ankayamba kuchepa mpaka kusowa, chifukwa matupi awo anali atazitulutsa njoka zija okha, popanda mankhwala. Zakuda zinkakhala nazo nthawi yaitali. Ana a zoyera ankachita ngati makolo awo, ana a zakuda chimodzimodzi. Atsibweni ankachenjeza kuti ubweya si umene unkachita zimenezi, unali chizindikiro chabe cha banja. Ankawonjezanso kuti zoyera zomwezo zikapatsidwa matenda ena a zilonda zinkalefuka msanga, pamene zakuda zinkachira. Choncho munthu akawafunsa kuti mtundu wamphamvu ndi uti, ankamufunsa kuti wamphamvu pa chiyani.

Ophunzira a masiku ano amati majini. Atsibweni mawu amenewa ankawapewa, chifukwa tsiku lina atawatchula pa maliro, mkulu wina anaganiza kuti akunena ziwanda, nasuntha mpando. Kuchokera pamenepo ankangoti chibadwa, kapena magazi.

Panali mbali ina ya nkhaniyi imene inawapalamulitsa. Ankafotokoza kuti mbewa za banja limodzi zinkafanana kwambiri chifukwa zinkakwatitsidwa pachibale, mlongo ndi mlongo wake, mibadwo yambirimbiri. Anafotokoza zimenezi pa msonkhano wa akulu a mpingo, tiyi ali m'manja. Sabata yotsatira amayi achigwirizano a mumpingomo anatumiza anzawo awiri kukalankhula ndi aNaphiri, kuti auze amuna awo kuti zinthu zoterezi sizinenedwa pagulu, ndipo anthu ayamba kufunsa ngati zinalidi za sayansi kapena zizimba. Atsibweni anamvera. Mbali imeneyo anasiya kuinena, koma ankadandaula kuti nkhani yawo yatsala ndi mwendo umodzi.

M'chilimwe, anthu akamakumba mbewa m'minda yokololedwa, iwo ankatsatira ndi mbale yachitsulo, lezala ndi galasi lokulitsa zinthu. Nyama sankaifuna. Ankapempha matumbo okha. Ankakhala pansi pomwepo, kung'amba thumbo lililonse pang'onopang'ono, kuthirapo madzi n'kuyang'ana. Mbewa ziwiri za una umodzi, ina inkapezeka ndi tinjoka tambiri, ina yopanda kanthu. Okumbawo ankafuna kuti anene chifukwa chake, koma iwo ankakana. Ankati mbewa yakutchire singakuuze zoona, chifukwa sudziwa kumene yayenda, chimene yadya, ngakhale tsiku limene inabadwa. Chaka china anayesa kuweta akapuku m'makola a waya kuseri kwa nyumba kuti aone okha. ANaphiri anadana ndi fungo lake ndipo anasiya kuyanika ufa kumeneko. Mkanganowo sunafike patali, chifukwa linthumbu linabwera ndi mvula yoyamba n'kutha akapuku onse. Atsibweni anatsuka makolawo n'kuwapereka kwa mnansi woweta nkhunda, osayambiranso.

Mnzawo weniweni anali a Katsache, manijala wa esiteti ya fodya wa mtundu wa bale imene inachita malire ndi mudzi wathu. Onse anali akulu a mpingo, onse okonda bawo. Lamulungu lililonse akaweruka ku mapemphero ankakhala pa bawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nkhani ya mbewa zoyera ndi zakuda a Katsache anaimva kuposa wina aliyense. Ubwenziwu unali ndi phindu lake. ANaphiri ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uliwonse galimoto ya esiteti, popita ku boma, inkaima pa msewu kuwatenga kuti akalandire mankhwala.

Dzinja lina pa esitetipo panali matenanti ambiri ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ankakhala m'misasa ya udzu kumunsi kwa minda, pafupi ndi dambo. Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu, ndipo ana awo ena ankabwera m'kalasi mwanga masiku amene kumunda kunalibe ntchito yambiri. Anali ana a mimba zotupa, maso oyera, ogona pa desiki dzuwa lisanafike pamutu. Nthawi yothyola fodya, mwana wamkazi wa a Namakhwa, mmodzi wa matenantiwo, anamwalira. Anali wa zaka zinayi. Kuchipatala anati magazi anamuthera chifukwa cha malungo ndi njoka za m'mimba pamodzi. Mlangizi wa zaumoyo anapita kukaona kumisasa, ndipo analemba kuti mabanja onse aja anali ndi chimbudzi chimodzi chodzaza, komanso ankamwa madzi a pachitsime chosavindikira cha kudambo. Kalata yake inafika kwa mwini esiteti ku Lilongwe. Mwiniwakeyo anatumiza uthenga kuti akubwera, ndipo akufuna msonkhano.

A Katsache anachita mantha. Kwa zaka zingapo anali akuzengereza nkhani ya zimbudzi, ponena kuti matenanti ndi anthu odutsa, chaka chamawa kudzabwera ena. Tsopano ntchito yawo inali pachiswe. Lamulungu lake, ali pa bawo, anapempha atsibweni kuti adzabwere ku msonkhanowo ngati munthu wa ku labotale, adzafotokoze zimene amafotokoza nthawi zonse, kuti kugonja kwa njoka kuli m'magazi. Ankafuna kuti bwana wawo amve kuti anthu akum'mwerawa ndi ofooka mwachibadwa, ndi chifukwa chake ana awo akudwala pamene ana a m'mudzi ali bwino.

Atsibweni anandiuza pambuyo pake kuti anawachenjeza a Katsache pomwepo kuti nkhaniyo siyenda choncho. Koma a Katsache sanamvetsere. Anangoti iwo adzanene za mbewa basi, zinazo adzamalizitsa okha. Atsibweni anavomera kubwera. Kwa masiku atatu otsatira sanalankhule kwambiri panyumba. Tsiku lachiwiri anayenda wapansi kupita kumisasa, nakaima pachitsime chija nthawi yaitali, kenaka n'kubwerera. ANaphiri anawafunsa chimene chikuwavuta, ndipo iwo anayankha kuti mwina mwezi wamawa kuchipatala adzapita pa njinga, osati pa galimoto ya esiteti.

Msonkhano unachitikira m'shedi yosankhira fodya, m'mawa. Ine anandiitana ngati mphunzitsi wa anawo. Mwini esiteti anakhala pa mpando kutsogolo, a Katsache pambali pake, mlangizi wa zaumoyo pa benchi ndi ine. Matenanti anakhala pansi, manja ali akuda ndi utomoni wa fodya, chifukwa anawachotsa kumunda. Mlangizi anawerenga kalata yake. Kenaka a Katsache anaimirira n'kunena kuti pali zinthu zina zimene chimbudzi sichingakonze, ndipo abweretsa munthu amene anagwira ntchito ndi akatswiri kuti afotokoze.

Atsibweni anaimirira, jasi ya khaki ili pathupi. Anafotokoza za mbewa zoyera ndi zakuda monga mwa masiku onse, osachotsapo kanthu. Anati n'zoona, anaziona ndi maso awo chaka ndi chaka, kuti banja lina limatulutsa njoka msanga ndipo lina limachedwa. A Katsache ankagwedeza mutu akuyang'ana bwana wawo.

Kenaka atsibweni anati afotokozenso mmene ntchitoyo inkachitikira, chifukwa imeneyo ndiyo inali mbali yawo. Khola lililonse linkalandira chakudya chofanana choyezedwa pa sikelo, madzi a mumpopi umodzi, utuchi wa m'thumba limodzi, ndipo onse ankatsukidwa tsiku limodzi. Anasimba za nthawi ina ali wachinyamata pamene anatopa n'kusiya makola a mbali imodzi osatsuka kwa masiku awiri. Mkulu wa ntchitoyo atadziwa, anataya zonse zimene analemba kwa miyezi itatu n'kuyambiranso, ndipo iwo anatsala pang'ono kuchotsedwa. Mkuluyo anawauza kuti khola lina likakhala lauve, zimene zapezekazo zimanena za wotsuka makola, osati za mbewa.

Atatero anatembenukira kwa mnzawo.

"A Katsache, ana anu amamwa madzi a kuti?"

A Katsache anayankha motsitsa mawu kuti a pa mjigo wa ku ofesi.

"Nanga ana a matenantiwa?"

Atsibweni anadikira pang'ono, kenaka anati: "Mukafuna kudziwa za magazi, tengani ana anu akakhale kumisasa dzinja limodzi, azimwa pachitsime chija, aziyenda opanda nsapato kuseri kwa chimbudzi chija. Ana a kumisasa abwere kunyumba kwanu. Mvula ikatha tidzakhale pansi tione. Pakadali pano ine sindinganene kanthu za magazi a munthu aliyense muno. Ndingathe kunena za wotsuka makola."

Anakhala pansi. Mwini esiteti anafunsa a Katsache kuti chimbudzi chija chinakumbidwa liti, ndipo iwo anati sakukumbukira bwino.

Ine ndinkaganiza kuti matenanti awathokoza. Sizinatero. A Namakhwa, bambo wa mwana womwalirayo, anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Anati amva zonse, ndipo akuona kuti mkuluyu akuwaikira kumbuyo. Koma anati kuyambira m'mawa anthu akhala akukamba za makola ndi mbewa, ndipo palibe amene watchula dzina la mwana wawo.

"Dzina lake anali Esinati," anatero. "Sanali mbewa."

Atsibweni anaimiriranso, n'kuvula chipewa chawo. Anati a Namakhwa anena zoona, ndipo anapepesa. Anati iwo akudziwa chinthu chimodzi chokha padziko pano, n'chifukwa chake chilichonse amachiyeza ndi chomwecho. Pobwerera kunyumba tinayenda limodzi, ndipo njira yonse sanatchule za a Katsache. Ankangobwereza kuti akanayenera kufunsa dzina la mwanayo tsiku limene anapita kumisasa.

Zimene zinatsatira sizinali zazikulu. Mwini esiteti analamula kuti pakumbidwe zimbudzi, ndipo anakumba ndi matenanti omwewo, masana a Lamulungu, tsiku lawo lopuma. Chitsime anachimangira khoma ndi chivindikiro. Mjigo unafika kumisasa patapita zaka, a Namakhwa atachoka kale ndi banja lawo. Mlangizi wa zaumoyo anayamba kupita kumeneko ndi mapiritsi a njoka, chifukwa ana ambiri sankapezeka ku sukulu tsiku logawa. A Katsache sanachotsedwe ntchito. Anangodzudzulidwa.

Koma Lamulungu lotsatira sanabwere ku bawo, ndipo sanabwerenso. Ku tchalitchi ankapatsana moni wa dzanja ngati akulu a mpingo, basi. Tsiku la chipatala litafika, aNaphiri anavala n'kukaima pamsewu monga mwa nthawi zonse, ngakhale amuna awo anawauza kuti asavutike. Galimoto ya esiteti inadutsa osaima. Kuyambira mwezi umenewo atsibweni ankawakweza pa njinga, atamangirira katsamiro pa kaliyala, kupita nawo ku chipatala chaching'ono, kumene mankhwalawo nthawi zina ankapezeka, nthawi zina ayi. ANaphiri sanawakhululukire msanga. Ankati munthu angathe kunena zoona popanda kuchititsa mnzake manyazi pamaso pa bwana wake, ndipo akanatha kungokana kupita. Atsibweni ankayankha kuti akanakana, a Katsache akananena okha nkhani ya mbewa, n'kutchula dzina lawo ngati mboni. Ndikuganiza kuti onse awiri ankanena zoona.

ANaphiri atamwalira patapita zaka zinayi, a Katsache anabwera okha ndi galimoto ija kudzanyamula bokosi, popanda wowapempha. Anakhala pa maliro mpaka kumanda. Atsibweni anawathokoza pagulu, mwaulemu wonse. Anthu ankayembekezera kuti bawo liyambiranso, koma silinayambe.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti atsibweni sankakhulupirira kuti a Katsache analakwa pa zonse. Nthawi ina, atakalamba kwambiri, ndinawauza za ana awiri a nyumba imodzi m'kalasi mwanga, odya mbale imodzi, wina wodwaladwala njoka, wina ayi. Anamvetsera mwachidwi, n'kunena kuti n'kutheka kuti mwa anthu namonso muli kusiyana kotere, banja ndi banja, ngakhale mwana ndi mwana. Koma anati kusiyanako sikutsata boma limene munthu wachokera, ndipo amene amathamangira kunena za chibadwa nthawi zambiri amakhala amene ali ndi fosholo m'manja koma sakufuna kukumba. Anandiuza kuti onse awiri ndiwapatse mapiritsi, ndipo ndiyang'ane ngati onse ali ndi nsapato.

Ankakangananso ndi ogulitsa mankhwala otsuka m'mimba pa misika. Ulendo wina ku Chamama, kumene anapita ku chinkhoswe, anaima pa tebulo la munthu wina wogulitsa mabotolo a madzi ofiira n'kumufunsa kuti amadziwa bwanji kuti njoka zatha. Munthuyo anati odwala amabwera kudzathokoza. Atsibweni anafunsa za amene sabwera. Anthu anayamba kusonkhana, ndipo achibale anachita kuwakoka dzanja kuti achoke, chinkhoswe chisanachedwe.

Maso awo anayamba kuchita khungu zaka ziwiri zomaliza. Galasi lija analipereka ku sukulu kwathu, ndipo likadali m'kabati ya ahedi. Kumunda anasiya kupita. Matenda awo omaliza anali a masiku ochepa, chifuwa ndi kutentha thupi, ndipo anamwalira m'mawa, amayi anga ali pambali pawo. Masiku onsewo amayi ndi amene ankawasambitsa m'manja, powathirira ndi kapu.

Nyumba yawo ikadali chiimire, yotseka. Ana awo ali kutauni ndipo sanagwirizane kuti mukhale ndani. Mdzukulu wina amasungamo feteleza ndi timitengo topachikira fodya, ndipo amatsegula mwa apo ndi apo. Malata a pakona ya kum'mawa anakakatuka ndi mphepo, ndiye mvula ikagwa madzi amatsikira pakhonde. Pakhondepo ndi pamene ankakhala masiku awo omaliza, pa mpando wa chikopa cha mbuzi, kumvetsera njinga zodutsa n'kumalota mwini wake ndi kulira kwa tcheni. Mpandowo anautenga mwana wawo wamkulu. Patsala timaenje tinayi m'dothi pamene miyendo yake inkaponda, ndipo nkhuku ya mnansi yayamba kuikira mazira pakati pake.

Sabata yatha ndinatenga dothi ndi madzi kuti ndikazire khondelo, chifukwa likuoneka ngati pa bwinja. Amayi anandiona ali pa mkeka kwawo, kutsidya kwa bwalo, nandiitana. Anandifunsa kumene ndikupita ndi ndowa, ndipo ndinawauza.

"Zira kwina konseko," anatero. "Pamene panali mpandopo usapakhudze."